Masese a Khofi

Ku Avondale adona amamwa khofi kawiri dzuwa lisanakwere.
Masese ake ndinkakhuthulira kumaluwa,
mpaka tsiku lomwe ndinapeza mwana wawo m'bafa
akudzikhula nawo ntchafu ngati akukwecha poto.
Akuti amachotsa timaenje.
Timaenje tanji?
Anatsina mnofu kuti ndione,
khungu n'kuchita ngati khoko la lalanje.
Ndinasekera m'mimba.
Kwathu zimenezo timangoti thupi.

Koma ukwati wa Lufina wafika pamphuno,
ndipo mwana wayamba kuima chammbali pagalasi long'aluka lija,
kukweza siketi, kutsitsa, kukwezanso.
Achemwali, Tichaona akadzaona adzati chiyani?
Ndati dzina lake layankha kale.
Sanaseke.

Ndiye ndasonkhanitsa masese a sabata yathunthu
m'chitini cha majarini,
ndakwera nacho kombi pa Copacabana,
kondakitala n'kumanunkhiza: ndani wanyamula hotela?
Mafuta a malambe, amene kuno amati mauyu,
ndagula ku Mbare, kabotolo madola awiri,
wogulitsa akulumbira kuti amasalazanso zipsera ndi maukwati.
Shuga ndatapa kunyumba, masupuni atatu,
tiyi wa mawa adzaona yekha.

Mpopi wathu ku Dzivarasekwa umangopuma mpweya.
Pamjigo ndinaika ndowa folo koloko m'mawa,
ndinatunga dzuwa likuswa mtengo.
Madzi amenewa akanachapa mayunifolomu.
Lero atsuka khofi pamiyendo ya mkwatibwi.

Amai Shingirai aponya mawu pamwamba pa mpanda:
onjezani gavakava, wa minga uja,
khulani ndi chinkhupule chouma, kuchokera m'mawondo kukwera,
azimwa madzi a mandimu,
aziyenda pansi, asiye makombi!
Iwo eni ntchafu zawo zikamayenda zimaomba m'manja,
ndipo anabala ana asanu ndi mwamuna mmodzi.

Ndikhula. Lufina akuti zikuyabwa.
Thope lakuda litsetserekera kungalande,
nyerere zamva shuga, zabwera ndi abale awo.
Khungu lafiira, latentha, lasalala,
mwana akununkhira ngati khitchini ya adona.
Timaenje tabisala.
Mawa tibwerera, ndikudziwa,
ngati alendi amene anangopita kumaliro.

Pali chimene sindikumuuza.
Ntchafu zopanda timaenje ndinaziona ine,
kuchipatala cha Gomo, mwezi wa Juni,
pamene iye anali pasukulu.
Ndinkasambitsa amayi ndi kansalu ndi beseni la pulasitiki.
Amayi aja otidzazira mpando wa kombi,
aja tinkabisala kumbuyo kwawo agalu akauwa,
anali atasalala.
Panalibe chotsina.
Dzanja langa limodzi linazungulira ntchafu yonse
zala n'kukumana.
Anandiyang'ana n'kuti, Fanesi, ndapepuka,
ukandinyamula suvutika.
Ku Mbudzi amuna anayi ananyamula bokosi
osasinthana.

Ndiye ndikamakhula mwendo uwu,
wolemera, wonjenjemera ndikaumenya kambama,
manja anga sakuchotsa kanthu.
Akuwerenga.
Ili ndi dzenje la mabanzi a pa Machipisa,
ili la chimanga chootcha cha pasiteji,
ili n'la amayi, pomwepa ndithu, kumanzere,
pamene ndinkatsamira ndikamawodzera m'tchalitchi.

Achemwali, zikutheka?
Zikutheka, tembenuka.
Athamangira kugalasi madzi akudontha,
aima chammbali, akweza, atsitsa,
aseka koyamba sabata ino.

Mafuta atsala pang'ono m'kabotolo.
Ndapaka m'zigongono zanga, zouma ndi sopo wa adona,
ndatsuka chitini ndi madzi otsala,
ndachiika m'chikwama cha Lolemba.
Ukwati ukadali masiku khumi ndi awiri,
ndipo adona, Mulungu awasunge,
sagona osamwa khofi wachitatu.